Ulusi m'manja, mtedza m'nkhokwe

Mwezi wa Juni ukafika ku Furancungo munthu sachita kuuzidwa kuti nyengo yasintha. M'mawa nkhungu imakuta mapiri, ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, ndipo agogo sachoka pamoto mpaka dzuwa litakwera. Ku Tsangano, komwe ndi kumtunda kwambiri, madzi apachitsime amachita kuluma zala. Anthu a mumzinda wa Tete, amene anazolowera kugona panja kaamba ka kutentha, sakhulupirira akamva kuti m'chigawo chomwechi muli anzawo amene amafunda mabulangete awiri.

Iyi ndiyo nyengo imene amayi oluka amaoneka paliponse. Wina amaluka ali pakhonde, wina podikira kuchigayo, wina pamzere wa kusikelo ya ana, winanso pamsika kuseri kwa mulu wa tomato. Chida chawo ndi kasingano kamodzi kokhala ndi ngowe kunsonga, kosiyana ndi masingano awiri aatali olukira majuzi. Pa Chipwitikizi luso limeneli amalitcha croché, koma kumudzi amangoti kuluka.

Abambo ambiri amayesa kuti ntchitoyi ndi yongotayitsa nthawi. Chikhalirecho kasingano kameneka kali ndi mbali yake pa nkhani yaikulu ya maboma a Macanga ndi Tsangano, nkhani ya chakudya chimene chimalimidwa kuno koma n'kukadyedwa kwina.

Dera lodyetsa ena

Palibe amene angatsutse kuti maboma awiriwa, pamodzi ndi Angónia, ndiwo nkhokwe ya chigawo cha Tete. Mvula imagwa bwino kusiyana ndi kuchigwa cha Zambezi, ndipo nthaka imalola chimanga, nyemba, mtedza, soya ndi mbatata. Tsangano amadziwika ndi kachewere, tirigu, kabichi ndi mapichesi. Macanga amadziwika ndi fodya. Magalimoto amanyamula matumba a kachewere ndi nyemba kupita ku Tete ndi ku Beira, ndipo zina zimaoloka malire kukagulitsidwa ku Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off, m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Malawi.

Koma mwana wa mlimi amene wakweza matumbawo pagalimoto amadya chiyani madzulo? Kawirikawiri ndi nsima ya ufa woyera ndi masamba a mchere wokha. Mazira agulitsidwa, nkhuku ikudikira alendo, mtedza wapita ndi mavenda.

Kafukufuku wa boma wa chaka cha 2011 anapeza kuti ana 43 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko la Mozambique anali opinimbira. Kafukufuku wina wa m'zaka za 2022 ndi 2023 anapeza kuti chiwerengerocho chinatsika kufika pa 37. Kutsika kulipo ndithu, komabe ndiye kuti mwana mmodzi mwa ana atatu sakukula moyenera. Vutoli silili kumadera ouma okha. Limapezekanso m'midzi momwe nkhokwe zimadzaza, chifukwa kukhuta nsima ndi kudya bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Phunziro la 1990

Akuluakulu amene anathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo akudziwa kumene chimanga chokha chimafikitsa munthu. Pofika chaka cha 1992 dziko la Malawi linkasunga anthu othawa nkhondo a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Chakudya chawo chinali cholandira: ufa, nyemba kapena nandolo, mafuta pang'ono ndi mtedza.

M'chaka cha 1990 mtedza unasowa pa chakudya chogawidwacho kwa miyezi ingapo. Posakhalitsa kunabuka matenda otchedwa pellagra m'misasa ya kummwera kwa Malawi, ndipo anthu oposa 17,000 anadwala m'chaka chimenecho chokha. Khungu la pakhosi, la m'mikono ndi la kumapazi linkada ndi kusupuka ngati lapsa ndi moto, odwala ankatsekula m'mimba, ndipo ena mutu unkasokonekera. Amayi ndiwo anadwala kwambiri kuposa abambo.

Matendawa amadza thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin. M'chimanga vitaminiyu alimo koma thupi silitha kumugwiritsa bwino ntchito, pamene mtedza uli naye wochuluka. Madokotala amene anafufuza za mliriwu anapeza kuti mabanja amene ankadyako mtedza kapena nsomba, ndi amene anali ndi kadimba kawo, sanakhudzidwe kwambiri.

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera kwawo, anaswa mphanje, ndipo minda inabalanso. Koma phunziro lija lidakalipo. Banja limene lagulitsa mtedza wonse ndi nyemba zonse n'kutsala ndi chimanga chokha ladzibwezera lokha pa chakudya cha kumsasa, ngakhale lili pamudzi pake.

Chimene chimachotsa chakudya pakhomo

Mayi sagulitsa mtedza chifukwa chosadziwa ubwino wake. Amagulitsa chifukwa sopo watha, mchere watha, kuchigayo akufuna ndalama, mwana akufuna kope. Ndalama za fodya zimabwera kamodzi pachaka, ndipo m'mabanja ambiri zimafikira m'thumba la abambo. Zosowa zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku zimagwera mayi, ndipo chimene ali nacho pafupi ndi mbale ya nyemba, mazira ndi mtedza.

Tsono nthawi yokolola ndi imene mitengo imakhala yotsika kwambiri, popeza aliyense akugulitsa. Mavenda amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amafika ndi masikelo awo mwezi wa Meyi usanathe. Mbale imodzi lero, mbale ziwiri mawa, pofika Okutobala thumba lapepuka. Mu Januwale ndi Febuluwale banja lomwelo limakagula nyemba pamtengo wokwera, kapena limangokhala osadya n'komwe. Zaka za chilala monga 2016 ndi 2024 zinaonetsa poyera kusiyana kwa khomo limene linasunga ndi limene linagulitsa. Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Apa ndi pamene kasingano kaja kamalowerera. Miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi, imene anthu amafuna zipewa, masikafu ndi masokosi, ndi miyezi yomweyo imene mavenda amazungulira m'midzi. Ndiponso ndi nthawi imene ndalama za fodya ndi za kachewere zimakhala m'manja mwa anthu, kotero ogula amapezeka. Mayi amene wagulitsa zipewa ziwiri kapena zitatu pa sabata wapeza ya sopo ndi ya chigayo, ndipo mtedza wake watsala m'nkhokwe. Phindu lenileni la kuluka silioneka pa ndalama zimene walandira, koma pa chakudya chimene sanagulitse.

Luso losalira zambiri

Amayi ena anaphunzira kuluka kwa amayi awo, ena kwa masisitere, ena pa misonkhano ya amayi a mumpingo monga a Chigwirizano, ndipo ena anaphunzira ali ku Malawi, kumene alangizi a zapakhomo ankaphunzitsa kusoka, kuluka ndi kuphika. Wophunzira amayamba ndi tcheni, ndiye kuti timfundo tolumikizana, ndipo akadziwa malukidwe awiri kapena atatu akhoza kutulutsa chipewa cha mwana.

Mpamba wake ndi wochepa. Singano akasowa m'sitolo, amisiri okonza njinga amasula kuchokera ku sipoko yakale. Ulusi watsopano amakagula ku Ulónguè, ku Tete kapena kutsidya ku Dedza, koma ambiri amagula juzi yakutha pa kaunjika, n'kuimasula, kuchapa ulusiwo ndi kuukulunga mwatsopano. Juzi imodzi ya munthu wamkulu imatulutsa tizipewa ta ana tingapo. Ena amadula majumbo kukhala timizere n'kulukira zikwama ndi zopondera pakhomo.

Kuti luso limeneli lingathe kugwira banja si nkhani yachilendo. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amayi ambiri a ku Zimbabwe ankaluka nsalu zoyala patebulo ndi pamipando n'kukagulitsa ku South Africa ndi ku Botswana, ndipo ndalama zake zinaphunzitsa ana ambiri.

Komabe pasakhale kunamizana. Kuluka sikulemeretsa munthu msanga. Zovala za pa kaunjika ndi zotsika mtengo, ndipo nsalu zokongoletsera nyumba zimatenga masiku ambiri koma ogula ake kumudzi ndi ochepa. Woluka wanzeru amawerengera mtengo wa ulusi ndi masiku amene wagwira ntchito asanatchule mtengo, amapewa kupereka katundu pangongole, ndipo amaluka zimene anthu a m'dera lake amafunadi: zipewa za ana asukulu, zipewa za oyendetsa njinga zamoto ndi za alonda, mashawelo ndi timasokosi ta makanda. Amayi akaphatikiza ndalama n'kutuma mmodzi kukagula ulusi wa onse, mtengo wa ulendo umachepa. Mutu umodzi susenza denga.

Chipewa cha khanda

Pa zoluka zonse, chofunika kwambiri ndi chaching'ono kuposa zonse. Mwana wongobadwa kumene amataya kutentha kwa thupi mofulumira, makamaka kudzera kumutu, ndipo wobadwa masiku asanakwane kapena wochepa sikelo akhoza kufa ndi kuzizira kokha. Kudera lozizira ngati lino zimenezi si zoseweretsa.

Achipatala amalangiza njira ya kangaroo, imene inayambira mumzinda wa Bogotá ku Colombia m'chaka cha 1978. Khanda limaikidwa pachifuwa cha mayi wake khungu kukhudza khungu, litavala thewera, kachipewa ndi timasokosi, kenaka n'kumangidwa ndi chitenje. Bambo kapena agogo akhozanso kulandira mayi akatopa. Chipewa cha khanda chiyenera kukhala cha ulusi wofewa, chochapidwa bwino, chosathina, ndiponso chopanda zingwe zazitali kapena mikanda imene mwana angatsamwe nayo. Mayi woyembekezera akamakonza katundu wopita naye kuchipatala, kachipewa kasasowe m'chikwama.

Kufunda kokha sikukulitsa mwana. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana amayamwa bere lokha, osapatsidwa ngakhale madzi. Ikatha miyeziyo amayamba phala uku akupitiriza kuyamwa, ndipo apa ndi pamene mtedza wosungidwa uja umagwira ntchito. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena ufa wa soya wokazinga, kapena dzira, kapena masamba osinja, limaposa kutali phala lamadzimadzi la ufa woyera, ndipo limaposanso mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera za m'magolosale. Chofunika kusamala ndi chuku: mtedza wovunda, wofota kapena wowawa uli ndi poizoni amene amawononga chiwindi, ndipo uyenera kusankhidwa n'kutayidwa, osati kusinjira ana.

Zakudya zili pakhomo pomwepo

Zambiri zimene thupi limafuna sizichita kugulidwa. Nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso ndi luni zimamera nthawi ya dzinja mpaka kutayika. Amayi akale ankazifutsa: kuziviika m'madzi owira kanthawi kochepa, kuziyanika, n'kuzimanga m'zikwatu za masamba a msuku zopachika kudenga la khitchini. Kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga mavitamini ambiri kusiyana ndi padzuwa lamphamvu. Mfutso wotendera mu Okutobala ndi ndiwo yaulemu, si chizindikiro cha umphawi ayi.

Mgaiwa uli ndi chakudya chambiri kuposa ufa woyera, popeza pokonola ndi ponyika mphale zabwino zambiri zimapita ndi madeya ndi madzi. Mawere amapanga phala ndi thobwa labwino. Masuku, mapichesi, magwafa ndi mango, chilichonse pa nyengo yake, ana ayambe adya zisanapite kumsika.

Palinso mbatata ya kholowa yofiirira mkati, imene ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi kuteteza thupi ku matenda. Dr Maria Andrade, katswiri wa bungwe la International Potato Center amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique pamodzi ndi akatswiri a boma a IIAM, anali mmodzi mwa anthu anayi amene analandira mphoto ya World Food Prize m'chaka cha 2016, ndipo iye anailandira kaamba ka ntchito ya mbatata imeneyi. Mlimi wofuna mbewu yake afunse kwa alangizi a zaulimi a m'boma lake kapena kwa anzake amene anabzala kale. Masamba ake ndi ndiwonso.

Gawo la abambo

Zonsezi sizingatheke ngati ndalama za kuluka zisanduka chifukwa chakuti bambo aleke udindo wake, kapena ngati bambo atsegula nkhokwe mayi ali kumsika. Mabanja amene zimawayendera ndi amene amakhala pansi pokolola n'kugwirizana kuti matumba awa ndi ogulitsa, awa ndi a mbewu, awa ndi akudya mpaka zokolola zina, ndipo akudyawo sakhudzidwa. Bambo amene wasiyira mkazi wake mizere ingapo ya mtedza ndi nyemba m'mbali mwa munda wa fodya sanataye malo.

Chisanu cha chaka chino chidzatha mu Ogasiti monga mwa nthawi zonse, ndipo zipewa zidzabwerera m'sutikesi. Zimene amayi analuka zidzaonekera bwino mu Febuluwale, pamene makomo ena adzakhala akudya nsima ndi mchere, koma ena akutapabe nsinjiro zothira m'phala la mwana.