Makanda awiri, chifuwa chimodzi: mapasa obadwa masiku osakwana m'mapulazi a ku Shamva

Mayi akachira mapasa masiku asanakwane pa komboni ya pulazi m'boma la Shamva, ku Zimbabwe, chimwemwe ndi nkhawa zimalowa m'nyumba tsiku limodzi. Makanda otere amabadwa ochepa thupi, ena osafika ngakhale makilogalamu awiri, ndipo amafuna kufunditsidwa, kuyamwa ndi kuthandizidwa kupuma, zonsezi nthawi imodzi. Chipatala chokhala ndi zipangizo zoyenera chili kutali, ndipo mayiyo ali ndi chifuwa chimodzi chokha. Kuti onse awiri akhale ndi moyo, pamafunika munthu wina woti anyamule khanda lachiwirilo.

Alendo amene anasanduka eni dera

Shamva ili m'chigawo cha Mashonaland Central, makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Ndi dera la golide, fodya ndi chimanga. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique ankabwera kudzagwira ntchito mu mgodi ndi m'mafamu, omwe kuno amati mapulazi. Pa sitalaka yotchuka ya pa mgodi wa Shamva mu 1927, ambiri mwa otsogolera anali ochokera ku Nyasaland. Zidzukulu za anthu amenewa zilipobe, ndipo Chichewa ndi Gule Wamkulu sizinazilale m'makomboni.

Boma litayamba kulanda ndi kugawa mapulazi mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito yokhazikika. Iwo analibe mudzi woti abwerereko, choncho ambiri anatsala m'makomboni omwewo, kudalira maganyu a nyengo ya fodya kapena kukumba golide m'maenje. Ntchito ya alangizi a zaumoyo a m'mapulazi, yomwe inayamba m'chigawochi m'zaka za m'ma 1980, inafooka m'malo ambiri. Mwana wobadwa masiku osakwana amafikira m'banja losauka chonchi.

Kukula kwa vutoli

Mwana amatchedwa wobadwa masiku osakwana akabadwa pakati pasanakwane masabata 37. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa motere, pamene Zimbabwe inali pafupi pomwepo ndi ana pafupifupi 17 mwa 100. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 ana 13.4 miliyoni anabadwa masiku osakwana, ndipo mavuto obwera chifukwa cha kubadwa kotere ndiwo amapha ana osafika zaka zisanu ambiri kuposa chifukwa china chilichonse.

Kwa mapasa chiopsezocho n'chachikulu koposa, pakuti pafupifupi theka la iwo, mwinanso kuposerapo, amabadwa nthawi isanakwane. Malungo, kuthamanga kwa magazi, chindoko, kuchepa kwa magazi ndiponso kutenga pakati msungwana akadali wamng'ono zimawonjezera chiopsezo. Khanda lotere limakhala lopanda mafuta okwanira m'thupi, motero limazizidwa msanga, makamaka m'miyezi ya June ndi July. Mapapo ake amakhala osakhwima, mphamvu zoyamwira n'zochepa, ndipo matenda amaligwira mosavuta.

Ulendo wa ku chipatala

Mayi wa pa pulazi amayambira pa kiliniki yapafupi. Zikavuta amatumizidwa ku chipatala cha boma la Shamva, kenaka ku chipatala cha chigawo ku Bindura, makilomita pafupifupi 30. Makanda odwalitsitsa amapita ku Harare, ku chipatala cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa. Ulendo ulionse umafuna galimoto, mafuta ndi ndalama, ndipo khanda likhoza kuzizidwa lili panjira.

M'chipinda cha makanda odwala muli makina ofunditsira ana, mpweya wa okosijeni, nyali zochizira chikasu ndi timachubu todyetsera mkaka kudzera m'mphuno. Zambiri mwa izi zimadalira magetsi, amene mu 2019 ankazima mpaka maola 18 patsiku m'madera ambiri a Zimbabwe madzi atachepa ku Kariba. Makinawo akachepa, makanda awiri kapena atatu amagonekedwa malo amodzi, zimene zimafalitsa matenda.

Thandizo lina la mapapo osakhwima linachokera ku Malawi. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya Rice ku America, anakonza makina otsika mtengo otchedwa Pumani, amene amakankhira mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mwa khanda kuti mapapo asafote. Zotsatira zofalitsidwa mu 2014 zinaonetsa kuti makanda 71 mwa 100 othandizidwa ndi makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa 100 amene analandira okosijeni yekha.

Chifuwa cha mayi

Njira yodalirika kwambiri siifuna magetsi. Khanda limavekedwa thewera ndi chipewa chokha, n'kuikidwa choimirira pakati pa mabere a mayi, khungu kukhudza khungu, kenaka n'kumangidwa ndi chitenje. Njirayi, yotchedwa kangaroo potengera nyama ya ku Australia yosunga mwana wake m'thumba, anaiyambitsa ndi Dr Edgar Rey mumzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1978.

Zimbabwe ndi limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kuiyesa. Pa chipatala cha mishoni cha Manama, kum'mwera kwa dzikoli, kumene kunalibe makina ofunditsira ana, Dr Nils Bergman ndi Agneta Jürisoo analemba mu 1994 kuti makanda osafika kilogalamu imodzi ndi theka amene ankapulumuka anakwera kuchoka pa 10 kufika pa 50 mwa 100. Mu 1998 Dr Rose Kambarami ndi anzake pa chipatala cha Harare Central, chomwe tsopano ndi Sally Mugabe, anapeza kuti makanda a kangaroo ankawonjezera magalamu pafupifupi 21 patsiku, pamene a m'makina ankawonjezera magalamu 10 okha. Ku Malawi njirayi inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Kale ankadikira kuti khanda liyambe lapezako mphamvu m'makina. Kafukufuku wa ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, wofalitsidwa mu 2021, anasonyeza kuti kuyamba kangaroo mwana atangobadwa kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho mu November 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti khanda lisalekanitsidwe ndi mayi wake pokhapokha ngati ladwalitsitsa, ndipo likhale pachifuwa maola 8 mpaka 24 patsiku.

Mutu umodzi susenza denga

Apa ndi pamene nkhani ya mapasa imavutira. Makanda aang'ono kwambiri akhoza kukwana onse awiri pachifuwa chimodzi, koma mayi wotopa ndi uchembere, mwinanso wochitidwa opaleshoni, sangawasunge usana ndi usiku. Amayenera kufinya mkaka ndi kumwetsa khanda lililonse ndi kakapu maola awiri kapena atatu alionse, komanso kusamba, kudya ndi kugona. Bambo, agogo kapena azakhali akhoza kunyamula khanda linalo, pakuti chifuwa cha munthu wamkulu aliyense wathanzi chimafunditsa chimodzimodzi.

Koma m'komboni abale amakhala ochepa. Mwambo wa chikuta, womwe kumudzi umasonkhanitsa amayi a pabanja kuti asamalire mayi ndi khanda, umasowa anthu pamene mbumba inamwazikana. Bambo waganyu akajomba tsiku limodzi nyengo yothyola fodya, tsikulo salipidwa. Malamulo a ntchito a Zimbabwe amapatsa mayi masiku 98 a tchuthi cha uchembere ndi malipiro onse, koma mayi wolembedwa ganyu wa nyengo kawirikawiri sapindula nawo. Mayi akagonekedwa ku Bindura kapena ku Harare kwa milungu ingapo, ana otsala kunyumba amasowa wowaphikira, ndipo ena amapempha kutuluka m'chipatala makanda asanalimbe.

Palinso manong'onong'o. Ena amati kubadwa kotere ndi tsempho kapena ufiti, ndipo mayi amabisa makanda m'nyumba chifukwa cha manyazi. Ku Malawi kampeni ya Khanda ndi Mphatso, imene inachitika m'maboma a Machinga ndi Thyolo, inalimbana ndi maganizo amenewa polimbikitsa abambo ndi atsogoleri a m'midzi kutengapo mbali. Ku Shamva ntchito yotereyi ingagwiridwe ndi magulu amene alipo kale: amayi a mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Harare ndi mipingo ina, misikiti, ndiponso mabungwe othandizana pa maliro. Mabungwe amenewa anazolowera kusonkha ndalama za bokosi, ndipo akhoza kusonkhanso za galimoto yopita ku Bindura, ufa ndi zitenje.

Chikalata cha kubadwa

Thandizo lina limene limaiwalika ndi la zikalata. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya anthu ambiri a makolo ochokera kunja opanda dziko. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC, komabe lipoti la Amnesty International la mu 2021 linapeza kuti ambiri analibe ziphaso. Kholo lopanda chiphaso limavutika kulembetsa mwana, ngakhale lamulo limafuna kuti alembetsedwe pasanathe masiku 42. Mapasa amene apulumuka m'chipatala akhoza kudzakumana ndi zovuta pa sukulu ndi pofuna ntchito ngati makolo sanasunge kalata yotsimikizira kubadwa yochokera ku chipatala.

Zofunika kuchita

Mayi ayambe sikelo msanga kuti mapasa adziwike, ndipo masiku akayandikira akakhale ku chidikiro pafupi ndi chipatala. Matenda a uchembere akayamba pakati pasanakwane masabata 34, azaumoyo akhoza kum'baya mankhwala okhwimitsa mapapo a ana. Makanda akatuluka m'chipatala, kangaroo apitirire kunyumba, ndipo masiku okayeza kulemera asaphonyedwe. Khanda likakana kuyamwa, likabanika, likazizira kapena kutentha thupi, likachita chikasu kapena kukomoka, abwerere nalo ku chipatala tsiku lomwelo.

Eni mapulazi angathandize ndi galimoto ndiponso kulola bambo kujomba osam'dula malipiro. Zipatala nazo zifunika malo oti wosamalira wachiwiri azigona pafupi ndi makanda. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa mapasa a m'makomboni a ku Shamva mawuwa akutanthauza kuvomera kunyamula khanda la mnzako pachifuwa pako kwa maola angapo kuti mayi wake apumeko.