Tsiku la m'Buku la Genesis ndi Zaka za Miyala ya ku Chiradzulu

Wophunzira wa Fomu 4 wa ku Chiradzulu, monganso wa kwina kulikonse m'Malawi muno, amaphunzitsidwa zinthu ziwiri zomwe zimaoneka ngati sizingamwerane madzi. Kutchalitchi ndi m'phunziro la Bible Knowledge amamva kuti Mulungu adalenga zonse m'masiku asanu ndi limodzi. M'maphunziro a sayansi amamva kuti dziko lapansi lakhalapo kwa zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5. Ambiri amangosunga mayankho awiri, lina la pamayeso ndi lina la tsiku Lamulungu. Koma alipo ena amene nkhaniyi imawavuta mumtima mpaka kusiya kupemphera, pomwe ena amadana ndi sayansi poiona ngati msampha wa Satana. M'chimangirizo chino ndikufuna kusonyeza kuti mbali yaikulu ya mkanganowu yagona pa chiyankhulo, makamaka pa liwu lakuti "tsiku" ndi pa mtundu wa nkhani imene liwulo likupezekamo.

Funsoli si lachilendo kwa anthu a mu Africa, ndipo mbiri yake imakhudza boma lathu. Mishoni yoyamba m'dziko muno idakhazikitsidwa ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie wa UMCA. Asadabwere kuno, Mackenzie adatumikira ku Natal kuyambira mu 1855 pansi pa Bishopu John Colenso. Pamene Colenso ankamasulira Baibulo m'Chizulu, womuthandiza wake, William Ngidi, adamufunsa ngati iye mwini ankakhulupiriradi kuti nyama zonse za padziko zidalowa m'chombo cha Nowa ndi kupezamo chakudya. Colenso, yemwe adali katswiri wa masamu ndipo adawerengapo za miyala, adalephera kuyankha kuti inde. Mu 1862, chaka chomwe Mackenzie adamwalira ndi malungo kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, Colenso adatulutsa buku lofufuza mabuku asanu oyambirira a m'Baibulo, ndipo mu 1863 adaimbidwa mlandu wa kuphunzitsa zosokeretsa. Chondichititsa chidwi n'chakuti amene adautsa mapiri pachigwa sadali wasayansi wa ku Ulaya. Adali womasulira wachiafirika amene ankafuna kudziwa chomwe mawu akutanthauza asadawaike m'chiyankhulo cha makolo ake.

Choyamba tione kumene kudachokera chiwerengero cha zaka 6,000 chomwe alaliki ena amatchula. M'Baibulo mulibe vesi lonena zaka za dziko. Chiwerengerochi chidatchuka chifukwa cha Arkibishopu James Ussher wa ku Ireland, amene mu 1650 adawonkhetsa zaka za mibadwo ya mu Genesis 5 ndi 11 pamodzi ndi za mafumu, napeza kuti chilengedwe chidayamba m'chaka cha 4004 Yesu asadabadwe. Osindikiza mabuku adayamba kuika chakachi m'mphepete mwa masamba a Baibulo lachingerezi, motero owerenga adachitenga ngati gawo la Malemba. Komatu ena owonkhetsa adapeza zosiyana. Kalendala ya Ayuda imayambira mu 3761, pomwe Akhristu a ku Byzantium, potsata Baibulo lachigiriki, ankayambira cha mu 5509. Kuwonjezera apo, mndandanda wa mibadwo suchita kutchula aliyense. Mateyu, pa mutu woyamba, adadumpha mafumu atatu pakati pa Yoramu ndi Uziya. Izi kwa ife si zodabwitsa. Pa Chichewa munthu amati "ndine mwana wa uje" akunena za gogo wa agogo ake, ndipo palibe amamuyesa wabodza.

Nanga asayansi amadziwa bwanji zaka za mwala? M'miyala yambiri muli timibulu tating'onoting'ono totchedwa zircon. Kambulu aka kakamapangika kamatsekera m'kati mwake yuraniyamu koma kamakana mtovu. Yuraniyamuyo amasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika, moti theka la yuraniyamu wa mtundu wa 238 limasanduka pa zaka mabiliyoni 4.47, pomwe theka la wa mtundu wa 235 limasanduka pa zaka mamiliyoni 704. Choncho mtovu wopezeka m'kambuluko ndi umene wapangika momwemo, ndipo poyerekeza kuchuluka kwake ndi yuraniyamu wotsala amadziwa nthawi yomwe yapita. Ubwino wake ndi wakuti mitundu iwiriyi ili ngati mboni ziwiri pa mlandu umodzi. Zikatsutsana, wofufuza amadziwa kuti mwalawo udasokonezeka. Poyeza mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kuthambo, Clair Patterson adapeza mu 1956 kuti dziko lili ndi zaka mabiliyoni 4.55, ndipo chiwerengerochi sichidasunthe kwenikweni mpaka lero. Ndimamva anthu ena akunyoza njira ya carbon-14 poganiza kuti akatero agwetsa zonse. Njira imeneyo imayeza zinthu zomwe zidali zamoyo, monga makala ndi mafupa, ndipo sipitirira zaka pafupifupi 50,000. Zaka za dziko siziyezedwa ndi iyo.

Umboni wina tili nawo pakhomo. Phiri la Chiradzulu ndi zitunda zolizungulira zili m'gulu la miyala yakale kwambiri yomwe akatswiri amaitcha Basement Complex, ya zaka zoposa mamiliyoni 500. Phiri la Mulanje, lomwe timaliona chakum'mawa kukakhala kopanda mitambo, ndi mwana poyerekeza ndi miyala imeneyi, pakuti lili ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 130. Lidayamba ngati chiphala cha miyala yosungunuka chomwe chidazizirira pansi pa nthaka. Timadziwa izi chifukwa timibulu ta m'miyala yake n'tatikulu tooneka ndi maso, ndipo timibulu totere timakula pokhapokha chiphalacho chikazizira mochedwa kwambiri. Kenaka mvula ndi mitsinje zidakokolola miyala yofewa yomwe idali pamwamba ndi m'mbali mpaka Sapitwa adatsala poyera, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Ku Karonga kudapezeka mafupa a chinyama chotchedwa Malawisaurus, cha zaka zoposa mamiliyoni 100, ndipo mmodzi mwa amene adachifufuza kwambiri ndi Mmalawi mnzathu, Dr Elizabeth Gomani Chindebvu. Komweko, ku Uraha, mu 1991 kudapezeka nsagwada ya cholengedwa chofanana ndi munthu ya zaka pafupifupi mamiliyoni 2.4. Mu 2005 ofufuza adaboola pansi pa Nyanja ya Malawi natulutsa matope osanjikizana osunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi.

Wina wa kwathu angafunse funso lomveka. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula phiri ndipo matope ndi miyala zidakokolola mudzi wa Ntauchira, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe, ndi kupha anthu ambiri. Ngati madzi angasinthe dziko chonchi m'kanthawi kochepa, kodi chigumula cha Nowa sichikadatha kuchita zonse zomwe asayansi amati zidatenga zaka mamiliyoni? Yankho n'lakuti madzi othamanga amasiya chizindikiro chawochawo. Aliyense amene adaona malo ogumukawo adaona miyala ikuluikulu, mitengo ndi matope zili pamodzi mosakanikirana. Matope a pansi pa nyanja sali choncho. Ndi timizere tosalala tosanjikizana bwinobwino, ndipo pakati pake pali zizindikiro za nyengo zachilala pomwe nyanja idaphwa kwambiri. Komanso chigumula chingakunkhunize mwala, koma sichingaupange, ndipo sichingasandutse yuraniyamu kukhala mtovu.

Tsopano tibwere ku liwu lija. M'Chihebri liwu lomwe lidamasuliridwa kuti "tsiku" ndi yom. Liwuli, monga lathu, lili ndi matanthauzo angapo. Pa Chichewa tikati "masiku ano" sitiwerenga masiku, tikati "tsiku lina udzandikumbuka" sitinena za maola 24, ndipo tikati "masiku a Chilembwe" tikunena nyengo yonse kuyambira pomwe adatsegula mishoni ya PIM ku Mbombwe mu 1900 kufikira nkhondo ya mu 1915. Mu Genesis momwemo yom akugwiritsidwa ntchito mosiyanasiyana. Pa 1:5 akuimira usana wokha posiyanitsa ndi usiku, pomwe pa 2:4 nthawi yonse ya chilengedwe ikutchedwa tsiku limodzi. Dzuwa, lomwe timawerengera masiku, likulengedwa pa tsiku lachinayi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri lilibe madzulo ndi m'mawa monga anzake. Salimo 90 ndi kalata yachiwiri ya Petro zimanena kuti zaka chikwi kwa Mulungu zili ngati tsiku. Abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri ndithu m'boma lino, ali ndi mfundo yofanana nayo, pakuti Korani nayo imakamba za masiku asanu ndi limodzi komanso za tsiku lolingana ndi zaka 1,000.

Poona zimenezi, anthu ambiri amafulumira kunena kuti basi nkhani yatha, tsiku lililonse ndi nyengo ya zaka mamiliyoni. Ine njira iyi siindikhutiritsa. Ngakhale titatalikitsa masikuwo, ndondomeko yake sigwirizana ndi ya miyala. Mu Genesis mitengo ya zipatso ikubwera dzuwa lisadalengedwe, ndipo mbalame zikubwera nyama za pamtunda zisadakhalepo, pamene mafupa okwiririka amasonyeza kuti nyama zokwawa zidatsogola mbalame. Komanso kubwerezabwereza kwa madzulo ndi m'mawa kukusonyeza kuti wolembayo ankafuna kuti tione m'maganizo mwathu sabata wamba ya munthu wogwira ntchito. Kukakamiza lemba kuti likhale buku la Geography n'kulilakwira, kaya tikufupikitsa zaka za miyala kapena tikutalikitsa masiku.

Funso loyenera kwa ife ophunzira chiyankhulo n'lakuti: kodi iyi ndi nkhani ya mtundu wanji? Mwana wa Chichewa amadziwa kusiyanitsa nthano, mwambi, chilapi, mbiri ndi umboni wa pabwalo la milandu, ndipo chilichonse chili ndi choonadi chake. Makolo athu ankati anthu oyamba adatsika kumwamba ndi mvula pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, nasiya mapazi awo pathanthwe likadali lofewa. Amene angapite ndi chipangizo kukayeza kufewa kwa thanthwelo ndiye kuti sadamve nkhaniyo. Iyo ikunena kuti moyo ndi mphatso ya Chauta, ndipo kuti munthu adapatsidwa ntchito yolima. Sindikunena kuti Genesis ndi nthano chabe, koma kuti khutu lomwe timamvera za Kaphirintiwa lingatithandize kufunsa funso loyenera.

Tikayang'ana kamangidwe ka Genesis 1 timapeza dongosolo lochita kukonzedwa. Masiku atatu oyamba akukonza malo, masiku atatu otsatira akudzaza malowo. Kuwala ndi mdima za tsiku loyamba zikulandira dzuwa, mwezi ndi nyenyezi pa tsiku lachinayi. Thambo ndi madzi za tsiku lachiwiri zikulandira mbalame ndi nsomba pa tsiku lachisanu. Mtunda wa tsiku lachitatu ukulandira nyama ndi anthu pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. N'chimodzimodzi munthu womanga khola asadagule mbuzi. Ndiponso wolembayo sakutchula dzuwa ndi mwezi maina awo, akungoti ndi zounikira, mwina chifukwa mitundu yozungulira Aisraeli inkazipembedza. Mutu wachiwiri ukufotokozanso chilengedwe m'njira ina. Munthu akuyamba, nyama zikubwera pambuyo, ndipo mneni wake ndi yatsar, wonena za ntchito ya woumba mbiya, osati bara wa m'mutu woyamba. Chichewa chili ndi mwayi pamenepa chifukwa nacho chimasiyanitsa kulenga ndi kuumba. Amene adaika nkhani ziwirizi pamodzi sadali wakhungu. Akadakhala kuti akulemba lipoti la zochitika tsiku ndi tsiku, bwenzi atafafaniza imodzi.

Kawerengedwe aka si kothawa sayansi, popeza kadayamba sayansi ya miyala isadabadwe, ndiponso mu Africa momwe muno. Origen wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 200, adafunsa kuti masiku atatu oyamba akadakhala bwanji opanda dzuwa. Augustine wa ku Hippo, m'dziko lomwe lero ndi Algeria, m'zaka za m'ma 400 ankaganiza kuti zonse zidalengedwa nthawi imodzi, ndipo adachenjeza Akhristu kuti asamanene zopanda nzeru pa zachilengedwe pamaso pa akunja ozidziwa bwino, kuopa kuti angachititse Malemba kusekedwa. Ngakhale amene adapereka mu 1927 ganizo lakuti thambo lonse likufutukuka, Georges Lemaître, adali wansembe wa Katolika.

Komabe si mafunso onse amene chiyankhulo chingathetse. A mpingo wa Seventh-day Adventist, omwe ali ku Malamulo kuyambira mu 1902, amaphunzitsa kuti masikuwo ndi enieni, chifukwa lamulo la Sabata mu Eksodo 20 latsamira pa sabata ya chilengedwe. Ena amawayankha kuti Deuteronomo 5 akutsamiritsa lamulo lomwelo pa kutuluka mu Ejipito. Lovuta kwambiri ndi funso la imfa. Ngati Malawisaurus adafa zaka mamiliyoni ambiri munthu asadakhalepo, nanga chiphunzitso chakuti imfa idadza ndi uchimo? Ena amaona kuti Paulo pa Aroma 5 akunena za imfa yofalikira kwa anthu, osati kwa nyama. Yankholi limamveka, ngakhale silichotsa kudabwa kwakuti Mulungu wabwino adalola zamoyo kudyana kwa nthawi yaitali chotero. Pamenepo mpofunika akatswiri a zaumulungu, osati mtanthauziramawu.

Pali amene amati omasulira Baibulo akadalemba "nyengo" m'malo mwa "tsiku" kuti ana asamasokonezeke. Buku Lopatulika la mu 1922 ndi Buku Loyera la mu 1998 onse adasunga "tsiku", ndipo ndikuona kuti adachita bwino. Liwu lakuti "nyengo" likadatsekera owerenga m'tanthauzo limodzi, lomwe taona kale kuti silikwanira, komanso likadaononga chithunzi cha mlimi wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi n'kupuma lachisanu ndi chiwiri. "Tsiku" la Chichewa limatambasuka ndi kufupika pafupifupi monga yom wa Chihebri, zomwe si ziyankhulo zonse zingathe.