Kukoka Kalavani Yolemera: Pamene Laisensi Siyenderana ndi Kulemera kwa Katundu

Ku United States ndi ku Canada kuli mabanja ambiri amene amapita kutchuthi atakoka nyumba yawo kumbuyo. Nyumbayi ndi kalavani yokhala ndi zipinda zogona, khitchini ndi bafa, ndipo imakokedwa ndi galimoto zamphamvu monga Ford F-350 kapena Ram 3500. Galimoto ndi kalavani zikaphatikizidwa zimatha kupitirira matani 10, kulemera kofanana ndi lole yonyamula katundu. Komabe m'madera ambiri woyendetsayo amangofunika laisensi wamba imene anapeza pophunzira ndi galimoto yaing'ono. Kwa ofufuza za umoyo wa anthu, apa pali mpata umene ngozi ingalowerepo.

Chimene lamulo limayang'ana

Ku United States, lamulo la mu 1986 ndi limene linakhazikitsa laisensi ya madalaivala a galimoto zamalonda, yotchedwa CDL. Laisensi ya gulu A imafunika ngati galimoto pamodzi ndi ngolo yake zaloledwa kulemera mapaundi 26,001 kapena kuposerapo, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 11,800, ndipo ngoloyo payokha ikuposa mapaundi 10,000, kapena kuti makilogalamu pafupifupi 4,500. Woipeza amalemba mayeso, amasonyeza kuti akudziwa kuyendera galimoto isananyamuke, kenako amayesedwa pamsewu. Amene amayendetsa zamalonda kudutsa malire a zigawo amapimidwanso maso, makutu ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo chikalata chachipatalacho sichigwira ntchito kupitirira miyezi 24.

Koma lamuloli limakhudza galimoto zochitira malonda. Munthu wokoka kalavani yake popita kokasangalala sali m'gululi, choncho chigawo chilichonse chimadziikira malamulo ake. Texas imafuna laisensi ya gulu A yosakhala yamalonda pa kulemera komweko. California imafuna laisensi yotere pa kalavani yoposa mapaundi 10,000, kapena yoposa mapaundi 15,000 ikakhala ya mtundu wa fifth-wheel, imene imakolekedwa pamwamba pa matayala akumbuyo a galimoto. Ku British Columbia, m'dziko la Canada, wokoka kalavani yoposa makilogalamu 4,600 amayenera kukhoza mayeso owonjezera. Zigawo zina zambiri za United States sizifuna kanthu kapadera.

Zotsatira zake n'zakuti anthu awiri angathe kuyendetsa katundu wolemera mofanana pamsewu umodzi, wina atayesedwa ndi kupimidwa, mnzakeyo ayi. Chowasiyanitsa ndi cholinga cha ulendo basi.

Chimene chimachitika pamsewu

Kukula kwa kuvulala pangozi kumadalira mphamvu imene thupi la munthu lalandira, ndipo mphamvuyo imachokera ku kulemera ndi liwiro. Kulemera kukawirikiza kawiri, mphamvunso imawirikiza kawiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Ku California wokoka ngolo saloledwa kupitirira mamailosi 55 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 88. Dalaivala akafika pa makilomita 110, mabuleki ake amakhala ndi ntchito yochuluka ndi theka kuposa poyamba, mwinanso kupitirira pang'ono.

Pali mavuto ena amene woyendetsa galimoto yaing'ono sakumana nawo. Loyamba ndi kugwedezeka kwa kalavani uku ndi uku. Kalavani yokolekedwa kumbuyo kwenikweni kwa galimoto imakhazikika bwino ngati pafupifupi 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwake ili pa chokolekera. Katundu akachuluka kumbuyo, mphepo yam'mbali kapena lole yodutsa imatha kuyambitsa kugwedezeka kumene kumakulirakulira mpaka zonse zitagubuduzika. Dalaivala wosaphunzitsidwa amafulumira kuponda mabuleki a galimoto ndi kulimbana ndi chiwongolero, zomwe zimangowonjezera vutolo. Wophunzitsidwa amachotsa phazi pamoto, amagwira chiwongolero mowongoka, n'kumanga mabuleki a kalavani yokhayo ndi chipangizo chapamanja.

Lachiwiri ndi kutentha kwa mabuleki pamtsetse wautali. Akapondedwa mosalekeza amatentha n'kuchepa mphamvu, n'chifukwa chake madalaivala a malole amaphunzitsidwa kutsika ndi giya yaing'ono. Lachitatu ndi kukhota: matayala a kalavani amadutsa mkati mwa njira imene galimoto yadutsa, ndipo wapanjinga kapena woyenda pansi amene waima pakona angathe kupondedwa dalaivala asanamuone. Lachinayi ndi kukoleka molakwika, kumene kumachititsa kuti ngolo imasuke n'kumayenda yokha. Luso lopewera zonsezi limaphunzitsika, ndiponso limayesedwa mosavuta.

Thanzi la woyendetsa nalo ndi mbali ya nkhaniyi. Pakati pa eni makalavani akuluakulu pali anthu ambiri opuma pantchito, ndipo pa msinkhu umenewu mavuto a maso, a mtima, a shuga ndi obanika kutulo amachuluka. Ukalamba pawokha suletsa munthu kuyendetsa bwino, koma ena mwa matendawa amachedwetsa kuchitapo kanthu, pomwe katundu wolemera amafuna mtunda wautali kuti aime.

Phunziro la ku Britain

Malamulowa sasintha chifukwa cha chitetezo chokha. Ku Britain, amene anapeza laisensi kuyambira pa 1 January 1997 ankayenera kukhoza mayeso ena asanakoke ngolo yolemera. Mu 2021 dzikolo linasowa madalaivala a malole, ndipo boma linathetsa mayeso a ngolowo kuti oyesa apeze nthawi yoyesa madalaivala a malole. Kuyambira pa 16 December 2021, aliyense wokhala ndi laisensi ya galimoto yaing'ono ku England, Scotland ndi Wales amaloledwa kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500, ndipo maphunziro ndi ongodzifunira. Boma linayesa kuchepetsa vuto la kusowa kwa antchito pochotsa njira imodzi yotetezera anthu pamsewu.

Tanthauzo lake pa umoyo wa anthu

William Haddon, dokotala wa ku America amene anathandiza kuyambitsa kafukufuku wamakono wa kuvulala, ankagawa zoyambitsa ngozi m'mbali zitatu: munthu, galimoto ndi malo, ndipo mbali iliyonse ankaiona ngozi isanachitike, ikuchitika ndi itachitika. Laisensi imagwira ntchito pa munthu ngozi isanachitike, pamene kupewa kuli kotsika mtengo poyerekeza ndi opaleshoni, kugonekedwa m'chipatala kapena kulumala.

Kuti phindu la mayesowa liyezedwe bwino, malipoti a apolisi ayenera kulemba mtundu wa ngolo, kulemera kwake ndi gulu la laisensi ya dalaivala, ndipo zimenezi zilumikizidwe ndi kaundula wa ovulala m'zipatala. Kusiyana kwa malamulo pakati pa zigawo, komanso kusintha kwa ku Britain mu 2021, kumapereka mwayi woyerekeza madera ndi nyengo. Mfundo yoyambira ndi yomveka kale: zofunika pa laisensi ziyenera kutsata kulemera ndi kuvuta kwa chimene chikuyendetsedwa, chifukwa wovulala pamsewu amavulala chimodzimodzi, kaya dalaivalayo anali pantchito kapena patchuthi.