Khomo la ku Cambridge: Mwana Wofuna Maphunziro a Kompyuta Akonzekere Bwanji?

Makolo anzanga, m'nyumba zambiri lero muli mwana wakuthwa pa masamu amene alota kukaphunzira za makompyuta pa yunivesite yochuka ya kunja. Tisafulumire kumuseka, koma tisamunamizenso. Tiyeni tione njira yoloŵera pa Cambridge, ku England, kuti tidziŵe pamene pali minga.

Sukulu imeneyi inayamba m'caka ca 1209. Kumeneko ndi kumene Alan Turing anaphunzira masamu, ndiponso kumene Maurice Wilkes ndi anzake anapanga kompyuta yochedwa EDSAC, imene inayamba kugwira nchito mu 1949. M'caka ca 1953 anatsegula maphunziro a za makompyuta, pamene dziko lonse linali lisanazoloŵere makina otere. Ofuna malo ndi ambiri, malo ndi ocepa.

Coyamba, satifiketi ya Giredi 12 payokha siikwana. Afuna mwana amene walemba A Level kapena International Baccalaureate. Pa A Level kaŵirikaŵiri afuna A*A*A, ndipo masamu ndiwo mzati wa zonse. Pamenepa makolo ambiri amadabwa, cifukwa ayesa kuti mwana wodziŵa kukonza foni ndi laputopu wafika kale. Iai. Phunziro limeneli ndi la kaganizidwe: kupeza njira yothetsera vuto, ndi kutsimikiza kuti njirayo siidzalephera.

Caciŵiri, nthawi. Pempho lipita kudzera ku bungwe la UCAS, ndipo tsiku lotsiriza ndi 15 Okutobala, pafupifupi caka cathunthu maphunziro asanayambe. Mwana angasankhe malo asanu, koma saloledwa kupempha ku Cambridge ndi ku Oxford m'caka cimodzi. Alembanso yekha cifukwa cimene afunira phunzirolo, ndipo mphunzitsi wake amcitira umboni. Makolo, musamlembere mau ameneŵa. Ofunsa angathe kumfunsa pa zimene analemba, ndipo nzeru zobwereka sizicedwa kuoneka.

Cacitatu, mayeso a masamu ochedwa TMUA: mapepala aŵiri, lililonse mafunso 20 pa mphindi 75, popanda kakyuleta. Kulembetsa kucitika msanga, conco wocedwa wadzitsekera yekha khomo.

Amene acita bwino aitanidwa kukafunsidwa m'mwezi wa Disembala, ena pamaso, ena pa intaneti. Ofunsa ndi aphunzitsi enieni a phunzirolo. Iwo sayang'ana suti kapena Cizungu ca m'mphuno. Apatsa mwana vuto limene sanalionepo, namvetsera m'mene aganizira. Mwacitsanzo: ndaganiza nambala pakati pa 1 ndi 1,000, ndipo ndiyankha "inde" kapena "iai" cabe, udzafuna mafunso angati? Wofunsa nambala imodzi-imodzi angafike pa mafunso 999. Wodula pakati nthawi zonse afuna 10 okha, pakuti kuŵirikiza 2 kakhumi kupatsa 1,024.

Apa pali cina cotikhudza ife. Ana athu tinawalera kuti pamaso pa akulu aziŵerama ndi kukhala cete. Ulemu ndi wabwino, koma m'cipinda cija mwana wokhala cete sapatsa ofunsa kanthu koti amuyese nako. Ayenera kulankhula zimene aganiza, kuvomera akalakwa, ndi kulandira thandizo nayesanso. Muloleni azifotokozera ang'ono ake masamu mokweza madzulo. Kumeneko ndiko kukonzekera.

Yankho lifika mu Januwale. Ngakhale atasankhidwa, patsala nkhani ya ndalama. Wocokera kunja alipira mapaundi zikwi makumi angapo caka ciliconse, ndipo thandizo pa digiri yoyamba ndi locepa. Banja likhale pansi lisanagulitse ng'ombe kapena nyumba, poganiziranso ana ena amene ali pa sukulu.

Akakanidwa, si kutha kwa dziko. Yunivesite ya Zambia ku Lusaka ndi ya Copperbelt ku Kitwe ziphunzitsa za makompyuta. Wokhoza bwino kumeneko angathe kupempha thandizo la Beit Trust, kapena la Rhodes lopitira ku Oxford, kuti akacite digiri yaciŵiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mwanayo pobwera ndi yankho, labwino kapena loŵaŵa, apeze makolo omlandira ndi manja aŵiri.