ZA KUMETA NDEBVU NDI MAFUTA ODZOLA PAMBUYO PACHE

Mwezi uno tifuna kulankhula nanu za kanthu kamene ambiri akayesa kachabe, koma kasautsa amuna ochuluka m'midzi yathu ya kuno ku Ntcheu. Loweruka madzulo bambo atenga lumo, sopo ndi madzi, nameta ndebvu kuti akaoneke bwino ku Misa m'mawa mwache. Atatha adzola mafuta onunkhira amene anagula ku msika wa Lizulu kapena pa Kampepuza. Pomwepo nkhope iyaka monga aithira tsabola, ndipo iye akondwa, nati, "Mankhwala agwira." Pofika Lachiwiri chibwano ndi khosi zadzala ziphuphu. Tsono akagulanso botolo lina laukali koposa loyamba, ndipo bvuto lingokulirakulira.

Imvani, abale, kuwawa kumeneko si chizindikiro cha kuchira ai. Ndiko kudandaula kwa khungu lopwetekedwa.

Pakuti lumo silidula tsitsi lokha. Lipalanso kakhungu kapamwamba kamene kasunga chinyezi m'thupi ndi kutchinga zoipa zakunja, nilisiya timabala tosaoneka ndi maso. Pa nkhope yotere, chimene pa dzanja sichikanachita kanthu chilowa msanga. Anthu a kumapiri, monga a ku Tsangano, adziwa kuti m'miyezi ya Juni ndi Julaye mphepo ya mwera iumitsa khungu kufikira ling'aluka. A m'chigwa cha Bwanje adziwa thukuta la Okotobala. Pa nyengo ziwirizi nkhope yometedwa ibvutika koposa.

Tsono mabvuto ali atatu, ndipo nkofunika kuwasiyanitsa, popeza mankhwala ache ali osiyana.

Loyamba ndilo kupsa. Mafuta ambiri odzola utameta ali ndi spiriti m'kati, ena ali ndi menthol, mankhwala aja ochititsa kumva kuzizira. Zimenezi ziwawa nthawi yomweyo, nizisiya khungu louma ndi lothetheka. Spiriti wogula pa sitolo ndi kachasu, zimene ena adzipaka, zichita chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Mukasiya kudzola, kupsako kutha pa masiku owerengeka.

Lachiwiri ndilo kudana kwa thupi ndi mankhwala ena, makamaka onunkhiritsa. Limeneli nlonyenga, chifukwa silioneka tsiku lomwelo: lidikira tsiku limodzi kufikira masiku 3, pamenepo padza kuyabwa, zidzolo, mwina timatuza totuluka madzi. Munthu angathe kudzola mafuta amodzi zaka zambiri popanda kanthu, thupi nkudzayamba kuwakana pambuyo pache. Ndipo likawakana kamodzi, kawirikawiri liwakana moyo wonse. Chifukwa chache werengani mau olembedwa kumbuyo kwa botolo, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni. Zimene zilembedwa poyamba ndizo zochuluka m'katimo. Mukaona mau akuti Alcohol pafupi ndi chiyambi, kapena akuti Parfum ndi Fragrance, chenjerani. Makolo anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo botolo lokongola lingakhale lotero. Ngati mufunabe kuliyesa, pakani pang'ono m'kati mwa chigongono m'mawa ndi madzulo masiku 7. Pakayabwa kapena kutupa, musalifikitse kumaso.

Lachitatu ndilo lofala koposa pakati pa ife anthu akuda, ndipo silichokera ku mafuta konse, ngakhale mafuta aukali alikulitsa. Ndebvu zathu nzopotana. Lumo likadula tsitsi pafupi kwambiri, lisiya nsonga yakuthwa. Pomera, tsitsilo lipindika nilibayanso khungu, monga munga. Thupi liliyesa mdani, ndipo patuluka kachiphuphu, mwina ka mafinya. Mukameta pamwamba pa ziphuphuzo sabata ndi sabata, patsala madontho akuda, ndipo kwa ena zipsera zotupa zolimba zimene sizitha zokha. Anyamata ometa mpala kawirikawiri aona zofanana nazo kunkhongo.

Nanga tichitenji? Mankhwala oyamba alibe mtengo: pumitsani lumo masabata 4, kuti tsitsi lobisikalo lituluke lokha. Pa nthawiyi fupikitsani ndebvu ndi sizasi kapena makina ometera, kusiya kachiputu kakang'ono. Musafinye ziphuphu, musazule tsitsi. Inu amai, musamseke mwamuna wanu pa masabata amenewa. Alikuchiza nkhope yache, sali waulesi ai.

Pobwereranso ku lumo, chitani motere. Bviikani nsalu yoyera m'madzi ofunda, nimuigwirize pa ndebvu mphindi 3 kapena 5, kuti tsitsi lifewe. Pakani thobvu lambiri la sopo wosanunkhira. Tengani lezala lakuthwa, pakuti lobuntha likoka ndi kukanda. Metani motsata kumene tsitsi ligonera, osalipinga, osakoka khungu ndi zala, osabwereza malo amodzi. Malezala a mano awiri kapena atatu, ngakhale ali okwera mtengo, adula pafupi kwambiri, ndipo kwa munthu wa ziphuphu la dzino limodzi ndilo labwino. Mutatha tsukani sopo yense ndi madzi ozizira, gusani nkhope ndi nsalu osapekesa, nimudzole pang'ono pokha mafuta osanunkhira, monga Vaseline woyera uja ali m'nyumba iliyonse. Kukoma kwa mafuta odzola kuoneka pa ichi, kuti simumva kanthu.

Tikuchenjezaninso za mafuta ena a m'timachubu ogulitsidwa m'misika, amene ati achotsa ziphuphu ndi kuyeretsa khungu. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu, monga betamethasone, oyenera kulembedwa ndi dokotala. Aziziritsa kuyabwa masiku oyamba, koma pakupita kwa miyezi apyapyalitsa khungu, nabala ziphuphu zina zatsopano. Ngati pali mafinya ambiri, kutupa kotentha, kapena zipsera zilikukula, pitani ku chipatala chapafupi kapena cha boma pa Ntcheu, ndipo botolo limene mwakhala mukudzola mupite nalo.

Chatsala chimodzi, chimene chiposa zonse kulemera. Lezala la masiku ano, limene King Gillette wa ku America analandira chikalata cha umwini wache m'chaka cha 1904, linapangidwa kuti likabuntha litayidwe. Koma ife, posowa ndalama, tilisunga, nitibwerekana. Pa tsiku la kumeta maliro si zachilendo kuona lezala limodzi liyenda pa mitu ya banja lonse, ya akulu ndi ana omwe. Lezala lotere litenga zipere pa mutu wina kunka nazo pa wina, ndipo likakhala ndi magazi, ngakhale osaoneka, lingafalitse HIV ndi nthenda ya chiwindi yochedwa Hepatitis B. Kachirombo ka nthenda ya chiwindiyi kakhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7, mwinanso kuposa. Katemera wache anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi m'chaka cha 2002, chotero ambiri a ife obadwa chisanafike chakacho tiribe chitetezo chimenechi. Sitinena za mwambo pano, tinena za chitsulo: munthu yense akhale ndi lezala lache. Inu eni mbumba, pokonza za maliro, werengerani malezala pamodzi ndi ufa ndi nkhuni. Ndipo kwa ometa a pa msika musachite manyazi kupempha kuti atsegule lezala latsopano inu mukuona, ndi kutsuka makina asanakukhudzeni.

Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Amene mwawerenga mau awa, kawafotokozereni anzanu osadziwa kuwerenga, makamaka anyamata amene ndebvu zayamba kumene kuwamera, kuti aphunzire kugwira lumo asanaononge nkhope zao.