Munich m'nyengo yozizira: konzani ulendo wanu potsatira dzuwa

 Lero tikambirana za Munich, likulu la chigawo cha Bavaria kum'mwera kwa Germany, makamaka kwa inu amene mukufuna kukachezako pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Nthawi imeneyi, chimene chimakutherani msanga ndi dzuwa. Mu Disembala limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, n'kulowa isanakwane hafu pasiti 4 madzulo. Ndiye zoona panja zonse muziike m'mawa ndi masana, za m'nyumba zibwere dzuwa likapendeka.

Tisanafike kutali, nkhani ya mapepala. Ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa, mukufunika viza ya Schengen. Chilolezo chokhala ku Britain kapena ku America sichilowa m'malo mwa vizayi, anzanga. Pofunsira amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, ndipo malo a tsiku lokaonekera amadzaza msanga Khirisimasi ikamayandikira. Yambani nayo musanalipire zinthu zosabwezeka ndalama.

Chachiwiri, yang'anani kalendala. Lamlungu masitolo ku Germany amakhala otseka, ndipo ku Bavaria ngakhale m'kati mwa sabata ambiri amatseka 8 koloko usiku. Mukaiwala kugula buledi Loweruka, mungapulumukire kumasitolo a pasiteshoni yaikulu ya sitima kapena kubwalo la ndege. Pa 25 ndi 26 Disembala, pa 1 Januwale komanso pa 6 Januwale ndi maholide, masitolo amatsekanso. Lolemba ndiye nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale ndi zojambula sizitsegula. Koma Lamlungu lili ndi ubwino wake: malo ena a boma, monga Alte Pinakothek komwe kuli zojambula za Dürer ndi Rubens, mumalowa ndi yuro imodzi yokha.

Mumzindamo, yambirani pa Marienplatz. Pansanja ya Neues Rathaus pali tizidole timene timavina mabelu akamalira, ndipo m'nyengo yozizira zimachitika 11 koloko ndi 12 koloko basi. Chapafupi pali tchalitchi cha St. Peter, mukakwera masitepe ake pafupifupi 300 kunja kuli koyera, mumaona mpaka mapiri a Alps. Msika wa Khirisimasi wa pabwaloli umayamba kumapeto kwa Novembala n'kutha pa 24 Disembala, ndiye wobwera mu Januwale asauyembekezere. Kumsikako nyamulani ndalama zapamanja. Mukagula chakumwa chotentha amaonjezera kandalama ka kapu, ndipo mukabweza kapuyo amakubwezerani.

Tsopano maulendo a tsiku limodzi. Pali tikiti yotchedwa Bayern-Ticket, imene anthu mpaka 5 amatha kuyendera limodzi tsiku lonse pa sitima za m'chigawo, mabasi ambiri ndi sitima zapansi za mumzinda. Siigwira ntchito pa sitima zothamanga za ICE ndi IC, ndipo mumayenera kulembapo mayina a onse. Apa mvetsetsani: kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu imayamba kugwira ntchito 9 koloko m'mawa, koma Loweruka, Lamlungu ndi pa holide imayamba pakati pa usiku. Choncho ulendo wautali muuike Loweruka kapena Lamlungu, munyamuke kudakali mdima, dzuwa likutulukireni muli m'njira.

Wautali kwambiri ndi wa ku Neuschwanstein, nyumba yachifumu imene Ludwig II anayamba kumanga mu 1869. Sitima yopita ku Füssen imatenga maola awiri, kenako basi yokafika ku Hohenschwangau, kenako mtunda wokwera wapansi kwa mphindi 30 kapena 40. Tikiti yolowera imakhala ndi nthawi yake yeniyeni, mukachedwa, yapita. Iguleni pa intaneti masiku angapo zisanachitike. Dziwaninso kuti Marienbrücke, mlatho umene anthu amajambulirapo chithunzi chotchuka chija, nthawi zambiri amautseka kukagwa chipale chofewa kapena njira ikaterera.

Salzburg ili ku Austria, koma Bayern-Ticket yomweyo imakafika, ulendo wa maola osakwana awiri. Nyamulani pasipoti, chifukwa apolisi amatha kuyang'ana mapepala pamalire. Phiri la Zugspitze, lalitali mamita 2,962, lomwe ndi lalitali kuposa onse mu Germany, mumalifikira kudzera ku Garmisch-Partenkirchen. Tikiti yokwerera pamwamba ndi yapadera ndiponso yodula, ndiye m'mawa yambani mwaona makamera a pa intaneti a paphiripo. Kukakhala nkhungu, sinthani tsiku; mungalipire n'kukangoona utsi woyera.

Wapafupi ndi wa ku Dachau, ndende yozunzirako anthu imene boma la Nazi linatsegula mu 1933. Mumakwera sitima ya S2 kenako basi 726, ndipo kulowa ndi kwaulere. Ndi malo olemetsa mtima, ndipo mbali yaikulu mumayenda panja pamphepo. Apatseni theka la tsiku, musawapanikize pakati pa zosangalatsa.

Za foni, poti ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku: kuzizira kumatsitsa batire mofulumira, ndipo matikiti anu onse ali momwemo. Foni muziisunga m'thumba la m'kati mwa jekete, munyamule batire yapadera, mukopere mapu ndi matikiti mudakali pa Wi-Fi. App ya DB Navigator imakuuzani sitima ikachedwa kapena ikasintha poimira. Mapulagi a ku Britain, omwe ndi a kwathu ku Malawi aja, salowa m'makoma a ku Germany, ndiye gulani adaputala. Ndipo tikiti yapepala ya mumzinda, ina imafuna kuidinda pakamakina musanakwere; akakupezani ndi yosadinda, chindapusa ndi mayuro 60. Ngati mukukayika, funsani. Safunsa anadya phula.

Ndiye masiku anayi angayende chonchi. Lachisanu: Marienplatz m'mawa, msika madzulo. Loweruka: Neuschwanstein kapena Salzburg, kunyamuka mbandakucha. Lamlungu: Alte Pinakothek ya yuro imodzi ija, kenako kuyenda pang'ono mu Englischer Garten kusanade. Lolemba: Dachau m'mawa, masana Deutsches Museum ya sayansi ndi makina, chifukwa malo awiriwa amatsegula ngakhale Lolemba. Nsapato zikhale zosalowa madzi, zovala zikhale zophatikiza kuti muzitha kuvula mukalowa m'sitima yofunda.