Tikamaseka Chingerezi chothyoka, tikuseka ndani?

Pa WhatsApp ndi Facebook, nthabwala zomwe zimayenda msanga ndi zoyerekeza munthu wakumudzi akulimbana ndi Chingerezi. Timaseka mpaka misozi. Koma kodi limeneli si tsankho?

Anthu a ku Nkhulambe m'boma la Phalombe yankho ali nalo m'mbiri yawo. Alhomwe atabwera kuchokera ku Mozambique n'kuyamba kugwira ntchito m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, anzawo ankawatcha "Anguru" n'kumawanyogodola chifukwa cha kayankhulidwe kawo. Mu 1943, a Lewis Bandawe ndi anzawo anayambitsa bungwe la Alhomwe lomwe linalimbana ndi dzina lachipongweli. Komabe m'mabanja ambiri makolo anasiya kuyankhula Chilhomwe ndi ana awo poopa kusekedwa. Lero Mulhako wa Alhomwe ukuvutika kutsitsimutsa chiyankhulo chomwe chinathawitsidwa ndi manyazi.

Ndiye mwana wanu akamayerekeza Chingerezi cha agogo ake, musangofa nazo nseko. Yang'anani kaye ngati agogowo akuseka nawo. Mumukumbutsenso kuti amene akuwasekawo amayankhula Chilhomwe ndi Chichewa bwinobwino. Chomwe chinawasowa ndi mwayi wa sukulu basi, nzeru ali nazo.